Inde Wathu ndi Inde Wachingerezi

Bambo wina amene anaphunzira Chingerezi pa sukulu ya madzulo anapita ndi mwana wake wodwala kuchipatala. Mafunso anali kuwadziwa ndithu. Anadziwa kuti ife timati, "Ukupita kuti?" koma Chingerezi chimatsogoza mawu ofunsirawo: "Where are you going?"

Tsono dokotala anamfunsa, nati, "Hasn't he taken the medicine?" ndiko kunena kuti, "Kodi sanamwe mankhwala?" Mwanayo anali asanamwe. Bamboyo anayankha monga timayankhira kwathu, nati, "Yes," poganiza kuti wanena, "Inde, sanamwe." Koma dokotala anamva kuti mwana wamwa kale. Namwino akadapanda kufunsanso m'Chinyanja, mwanayo akadabwerera kumudzi wosamwa mankhwala.

Pamenepo bamboyo anazindikira chinthu chimene sanachione m'buku. Inde wathu amavomereza mawu a wofunsayo. Koma "Yes" amatanthauza kuti chinthucho chachitika: wamwa. Ngati sanamwe, yankho lake ndi "No."

Kuyambira tsiku limenelo sayankhanso ndi liwu limodzi lokha, koma amatsiriza mawu onse, nati, "No, he hasn't." Akulu amati kufunsa ndi kudziwa njira, komatu kuyankha nakonso nkofunika kukuphunzira.