Lamya Ikakana, Musafulumire Kupita kwa Ankhoswe

Amayi anzanga, ine ndimatsogolera gulu la amayi kuno ku Santhe, ndipo msika wa fodya ukatsegulidwa ndimamva madandaulo ochuluka. Lero ndikusimbirani za mnzathu wina.

Tsiku lina m'mamaŵa anandipeza ndikusesa pabwalo, maso ali psuu. Amuna ake anali atapita ndi mabelo ku msika wa Chinkhoma, fodya amene aŵiriwo anavutikira pamodzi kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa. Kwa masiku aŵiri lamya yawo inkangoyankha kuti nambalayo siikupezeka. Inu mukudziŵa zimene abambo ena amachita ndalama za fodya zikaloŵa m'thumba. Motero mnzathuyo anali atakonzeka kukatula nkhani kwa ankhoswe.

Ndinamukhazika pamphasa, ndipo tinaimbira mwini galimoto imene inanyamula mabelowo. Kodi mukudziŵa chimene tinapeza? Bamboyo anali akadali pamzere, fodya asanaloŵe n'komwe. Batire linali litatha, ndipo chaja anali ataiŵala pazenera kunyumba. Banja likadagwedezeka chifukwa cha kanthambo!

Tsono imvani, amayi. Lamya ya m'manja siilankhula ndi inzake mwachindunji ayi. Mawu anu amayamba afika pa nsanja ija mumaiona pamsewu, ndipo makina a kampani ndiwo amafunafuna mnzanuyo. Akamusoŵa, amakuuzani kuti sakupezeka. Zifukwa zake n'zambiri. Mwina lamya yazimitsidwa kapena batire latha. Mwina munthuyo ali kudambo kapena kumunda kotalikira nsanja. Mwina magetsi azima ndipo nsanjayo yaleka kugwira ntchito. Mwinanso kakhadi kam'kati kasuntha, kapena nambala inatsekedwa, pakuti kuyambira mu 2018 nambala iliyonse iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Zimenezi n'zosiyana ndi lamya yolira popanda woiyankha.

Nanga muchite chiyani? Yambani mwayang'ana timizere ta netiweki pa lamya yanu. Ngati palibe, vuto lili kwa inu: tulukani m'nyumba, kwerani pachulu, kapena izimitseni ndi kuiyatsanso. Onaninso kuti kachithunzi ka ndege sikanayatsidwe, poti ana akamaseŵeretsa lamya amakakhudza. Kenaka imbirani munthu wina. Ikaloŵa, ndiye kuti lamya yanu ili bwino. Pamenepo tumizani uthenga wolemba, chifukwa umenewo umadikira, nukafika lamya ya mnzanuyo ikangoyaka.

Koma nzeru yoposa zonse ndiyo kukonzekera ulendo usanayambe. M'gulu lathu tinapangana kuti wopita kumsika azisiya nambala ya mnzake woyenda naye, batire likhale lodzaza, ndipo amene angathe akhale ndi makhadi aŵiri, la TNM ndi la Airtel, pakuti pamene pakana ina, nthaŵi zina inzake imagwira.

Sindikunena kuti abambo onse osapezeka ali pamzere ku Chinkhoma. Alipo ena amene amazimitsa dala, ndipo ameneŵo ankhoswe aŵaitane ndithu. Komanso munthu akasoŵa masiku angapo, anzake osamuona, musakhale chete: dziŵitsani abale ndi apolisi. Langa pempho n'lakuti muyambe mwafufuza musanaweruze. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mnzathu uja tsopano ndiye amalongedza chaja m'chikwama cha amuna ake, pamodzi ndi kamba wa paulendo.