Tinaichedwetsa Dala Gemu Yathu ku Kande

Anthu ambiri akamasintha gemu ya pakompyuta amafuna kuti ipepuke, mphamvu zichuluke ndipo adani azigwa msanga. Ife cholinga chathu chinali china. Ndife ophunzira anayi, atatu a ku Kande ndi mmodzi wa ku Chintheche, ndipo pa holide yaitali tinagwirizana zochedwetsa kukula kwa munthu wathu mu gemu yotchedwa Skyrim.

Kwa amene simukuidziwa, Skyrim inatuluka pa 11 Novembala 2011, yopangidwa ndi kampani ya Bethesda ya ku America. Wosewera amapatsidwa munthu mmodzi woti aziyenda naye m'dziko lalikulu la mapiri ndi chipale. Munthuyo ali ndi maluso 18, monga kusula zitsulo, kuponya mivi, kuyenda mozemba ndi kunenerera mitengo pamsika. Luso likakwera, wosewera amalandira mapointi ofanana ndi nambala imene lusolo lafika. Mapointiwo akakwana, munthu yense amakwera level.

Masamu ake ndi osavuta. Kuti uchoke pa level imene uli, pamafunika mapointi 75 kuphatikiza 25 kuchulukitsa ndi level yakoyo. Ndiye kuti pa level 1 pamafunika 100, pa level 10 pamafunika 325. Ngati luso lako losula lili pa 40, likangokwera kasanu ndi katatu basi wadumpha level, ngakhale sunagwire lupanga tsiku lonse. Vuto lili apa: adani ambiri amakula motsatira level yako. Wosula mipeni mumzinda wa Whiterun amatuluka pachipata ali ndi dzina lalikulu koma mkono wofooka, n'kukakumana ndi achifwamba oti sangalimbane nawo.

Kwa ife panalinso nkhani ya m'thumba. Laputopu inali imodzi, yakale, yodalira batire ya sola imene madzulo imayatsanso nyali ndi kutchaja mafoni a pakhomo. Bandulo ya intaneti yoti n'kutsitsira gemu ina tinalibe. Imeneyi inayenera kutikwanira holide yonse.

Bethesda inatulutsa mu 2012 pulogalamu yaulere yotchedwa Creation Kit, imene imalola aliyense kusintha gemuyi. M'menemo tinapeza nambala yotchedwa fXPLevelUpMult, ndiyo 25 uja. Tinaikweza kufika pa 75 n'kuisunga ngati mod. Nambalayi ukhoza kuisinthanso uli m'kati mosewera, koma ukatseka gemu imabwerera mwakale, n'chifukwa chake tinasankha kafayilo kokhazikika. Tsopano pa level 10 pamafunika mapointi 825, ndipo wosula uja ayenera kukweza luso lake maulendo 17.

Sitinagwirizane tsiku limodzi. Mnzathu wa ku Chintheche, amene amakwera kabaza mumsewu wa M5 kubwera ku Kande, ankati akuwononga ndalama ya ulendo kudzaonerera munthu wosakula. Amalume a mmodzi wa ife, msodzi wa usipa amene mwera unamukhazika kumtunda masiku amenewo, anafunsa funso lolemera kuposa pamenepo: "Aphwanga, mukachedwetsa chinthucho, si ndiye kuti muzikhalira pomwepo mpaka nkhuku zilire?"

Funso limeneli ndi la kholo lililonse, ndipo tinaliganizira. Zimene tinaona n'zakuti chimene chimamata munthu pampando si kutalika kwa gemu ayi, koma kamphoto kobwera pafupipafupi. Level ikamakwera mowirikiza, ndi nyimbo yake ija, mtima umati dikira kaye, yotsatira yatsala pang'ono. Opanga magemu amadziwa zimenezi bwino lomwe. Koma ukadziwa kuti level yotsatira ili kutali, mwina mkuja, kutseka laputopu sikupweteka. Tinkasewera ola limodzi ndi theka, batire isanatsike, kenako aliyense n'kupita kukazula chinangwa cha kondowole kapena kukathandiza kusoka chilimira.

Kaseweredwe kathu kanasinthanso. Popeza level iliyonse imapereka mwayi umodzi wokha wowonjezera luso lapadera, mwayiwo unasanduka nkhani yokambirana anthu anayi, ngati ndalama ya banki m'khonde. Wina ankafuna mivi, wina chishango, ndipo aliyense ankayenera kupereka zifukwa. Tinayamba kuwerenga makalata ndi mabuku a mu gemumo amene ambiri amangowadumpha. Tinatha masiku angapo ku Riften, mzinda wa m'mbali mwa nyanja wokhala ndi doko ndi malo a nsomba, tikutsutsana ngati mabwato ake angapirire mafunde a ku Usisya. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'dziko lopeka lija munali zambiri zoti maso othamanga sangaone.

Holide itatha, munthu wathu anali pa level 14 yokha, mizinda ina asanaipondemo. Kwa anzathu amene mukuphunzira za makompyuta kuno kukoleji, yesani kutsegula gemu imene muli nayo muone manambala amene amaiyendetsa. Mukasintha imodzi, lembani yakaleyo papepala, ndipo sungani padera fayilo ya pamene munafika musanayese china chilichonse.