Kalata Yochokera ku Tokyo, Kumene Anthu Amasunga Mawu

Tokyo, Japan
5 Januwale 2025

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi abambo, agogo ndi ana onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Ndikudziwa kuti mwezi uno muli kalikiliki kumunda, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni, kuti achemwali akuwerengereni madzulo mutapuma. Paja nthawi ya kuno ili patsogolo ndi maola 7. Inu mukamaweruka kumunda, ine ndimakhala ndikukonzekera kugona.

Kuno kukuzizira kuposa Juni wa ku Dedza. Mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa, ndipo dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko.

Tsiku lija munandifunsa kuti anthu a kuno ndi otani, ine ndinangoti ndi aulemu. Lero ndikufuna ndikuyankheni bwinobwino.

Chimene chinandizunguza mutu nditangofika ndi bata la mumzinda uno. Pa siteshoni ya Shinjuku pamadutsa anthu pafupifupi 3 miliyoni tsiku lililonse. M'mawa, m'sitima ya Yamanote imene imazungulira pakati pa mzinda, timathithikana ngati usipa m'dengu, koma mkatimo muli zii. Palibe wopatsa mnzake moni, palibe wofunsa za kunyumba. Kuyankha foni m'sitima amakuona ngati mwano. Ndinkakumbukira minibasi yopita ku Lilongwe, mmene munthu amatsika atadziwa kale mudzi wa amene anakhala naye pampando, ndipo mtima unkandiwawa. Ndinkati anthu awa alibe chimwemwe. Koma akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mwezi wathawu anzanga a kufakitale kumene timalongedza chakudya m'timabokosi ananditengera ku phwando lotsekera chaka, limene amalitchula bonenkai, kutanthauza kuiwala za chaka chimene chikutha. Titadya, tinakwera chikepe m'nyumba ina yosanja n'kulowa m'kachipinda ka karaoke. Ndi kachipinda kochepa ngati khitchini yathu, kokhala ndi mipando yofewa m'mbali, wailesi ya kanema pakhoma ndi maikolofoni awiri. Makina amaliza zing'wenyeng'wenye, mawu a nyimbo amalembedwa pakanemapo, woimba ndiwe. Chitseko chikatsekedwa, phokoso silituluka kunja.

Amayi, zimene ndinaona mmenemo sindidzaiwala. Pali mayi wina amene timaima moyandikana pantchito, iye amaika mpunga, ine ndiwo. Kwa miyezi yonseyi mawu ake ndinkangowamva popereka moni, nawonso apansipansi. Usiku umenewo anavula jekete, anagwira maikolofoni ndi manja onse awiri n'kuyamba Gurenge, nyimbo ya LiSA ya mu 2019, ya katuni yotchuka ya Kimetsu no Yaiba. Atafika pachimake, pamene iwo amati sabi, mawu ake anakwera, n'kukweranso, osagwedera ngakhale pang'ono. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Kenaka anaimirira akapitawo athu, bambo a imvi amene amayendera ntchito yathu osaseka. Anasankha Kurenai, nyimbo ya gulu la X Japan ya mu 1989, ya pa unyamata wawo. Anatseka maso, mitsempha ya m'khosi inatupa, thukuta lili kamukamu pachipumi. Pamapeto mawu anasasa, koma tonse tinawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti anthu a kuno mawu ali nawo. Amawasunga tsiku lonse kuti asasokoneze anzawo, n'kudzawamasula m'kachipinda kameneka, ndipo akamawamasula amawaponya m'mwamba.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikutchera khutu. Kwathuko mwamuna amatamandidwa ndi besi, koma kuno oimba aamuna ambiri otchuka masiku ano ndi a mawu ang'ono okwera kwambiri. Alipo Satoshi Fujihara wa gulu la Official HIGE DANdism amene anaimba Pretender mu 2019, ndi Satoru Iguchi wa King Gnu amene amayamba nyimbo ya Hakujitsu ndi kamawu kanthetemya moti mungaganize kuti ndi mtsikana. Aliponso Motoki Omori wa Mrs. GREEN APPLE, gulu lake lapata mphotho yaikulu ya Japan Record Award sabata yathayi ndi nyimbo ya Lilac, kachiwiri motsatizana. Luso lawo lagona pa kusintha kuchoka pa mawu a m'chifuwa, amene amati jigoe, kupita pa mawu opyapyala a m'mutu, amene amati uragoe, popanda womvera kuzindikira pamene alumikiza.

Kwa akazi, dzina limene lili pakamwa pa achinyamata ndi Ado. Anatulutsa Usseewa mu 2020 ali ndi zaka 17, ndipo mpaka lero saonetsa nkhope yake. Anthu amamudziwa ndi mawu okha, amene amabangula kenaka n'kuuluka. Gulu la YOASOBI nalo lili ndi nyimbo ya Idol ya mu 2023, yothamanga ndi yokwera moti kupeza popumira n'kovuta.

Anthu wamba salola kuti nyimbo zimenezi ziwagonjetse. Makina a karaoke ali ndi batani lotsitsira nyimbo ikakukulira, koma ambiri amafuna kuiimba pamene mwini wake anaiimbira. Makinawo amathanso kupereka malikisi mpaka 100, ngati mayeso a kusukulu. Nyimbo ya Konayuki ya gulu la Remioromen, ya mu 2005, imayamba mofatsa kenaka n'kudumphira m'mwamba mwadzidzidzi, ndipo amuna ambiri amadziyesera pamenepo. Ena amalipira kachipinda ali okha, amati hitokara, kuti aphunzire nyimbo imodzi mpaka aigwire. Khama limene amaika pantchito ndi lomwelo amaika pa nyimbo.

Usiku wa pa 31 Disembala ndinaonera Kohaku, pologalamu ya wailesi ya NHK imene inayamba mu 1951, mmene oimba aakazi a mbali yofiira amapikisana ndi aamuna a mbali yoyera. Amene anatsekera mbali ya akazi ndi MISIA, yemwe uja anaimba nyimbo ya fuko lawo potsegulira masewera a Olimpiki kuno ku Tokyo mu 2021. Mayi ameneyu anafikako ku Malawi kukacheza ndi ana amasiye. Atakweza mawu n'kuwagwira nthawi yaitali osapuma, ine sindinaonenso kanema. Ndinaona inu, Amayi, mutavala zoyera za Chigwirizano, mukuyambitsa nyimbo pamwamba penipeni, amayi ena akuvomera pansi, nthungululu zikulira kumbuyo. Misozi inangotsika yokha. Chinenero chawo sindinachidziwe bwino, koma mawu okwera ochokera pansi pa mtima ndinawadziwira pamsana panu.

Ndiye pempho langa ndi ili. Lamulungu likubwerali, achemwali akujambuleni pa foni mukuimba nyimbo imene munkatiimbira tikamatong'ola chimanga, anditumizire pa WhatsApp. Ndikufuna ndikawamvetsere mayi a kuntchito aja, adziwe kuti kwathunso aliko amene amafika pamwamba popanda makina. Mumuuzenso mng'ono wanga kuti asasiye kwaya chifukwa cha anzake amene amamuseka kuti ali ndi mawu achikazi. Kuno amuna a mawu ngati ake amadzaza mabwalo a mpira. Mphatso imeneyo aisamale.

Ndalama ya feteleza wobereketsa ndatumiza kudzera kwa amalume. Mupereke moni kwa abambo, agogo, azakhali ndi onse a kumpingo. Musaleke kundipempherera.

Ndine mwana wanu wokukondani.