Mpweya Wotuluka m'Galasi

Ntchito yanga, imene ndinaiphunzira ku Johannesburg pamapazi a mkulu wina wa manja odekha, ndiyo kulemba maina ndi kujambula maluwa pa mazenera a matchalitchi, pa zikho za mphatso ndi pa zitseko zagalasi. Ndipo ngakhale ambiri amayesa kuti ndimagoba ndi chitsulo, chogobera changa ndi madzi aukali otchedwa hydrofluoric acid, amene galasi, lopirira maasidi ena onse a m'nyumba zathu zantchito, limawagonjera.

Ndikatsuka galasi ndimalikuta ndi phula la njuchi losungunula, ndipo likauma ndimalemba ndi nsonga ya singano kufikira galasi litaonekera m'mizere yokhayo imene ndifuna; pamenepo asidi amadya poonekerapo, nasiya pamene pali phula. Asidi wamadzi amasiya mzere wakuya woonekera bwino, pamene nthunzi yake imasiya pambuu ngati nkhungu ya m'mawa, ndipo pambuupo ndi pamene mtima wanga umakondwera koposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: wofulumira kutsuka amapeza mzere wosaoneka, wochedwa napeza asidi atalowa pansi pa phula ndi kuwononga duwa lonse.

Nanga galasi lodyedwalo limapita kuti, popeza patebulo sipagwa fumbi? Galasi linachokera ku mchenga, ndipo mchenga ndiwo silikoni wogwirana ndi okosijeni, chigwirizano cholimba chimene mvula ndi dzuwa sizichimasula. Koma fluorine wa mu asidi uja akafika amalanda silikoniyo, kotero kuti atomu imodzi ya silikoni imagwidwa ndi maatomu anayi a fluorine, okosijeni wosiyidwayo nagwirana ndi haidrojeni kukhala madzi. Chobadwacho ndi mpweya wopanda mtundu, wa fungo lolasa m'mphuno, wotchedwa silicon tetrafluoride, umene akatswiri amaulemba SiF4, ndipo susanduka madzi kufikira utazizira pafupifupi madigiri 86 kunsi kwa ziro. Chinthu cholimba chotere kunyamuka n'kuuluka, ndithu ndi chimodzi mwa zodabwitsa za chilengedwe, ndipo sindinaleke kuzizwa nacho. Koma mpweyawu sukhalitsa pamene pali chinyezi, pakuti ukakumana ndi madzi umasweka, nubala utsi woyera wa silika pamodzi ndi asidi wina, hexafluorosilicic acid. N'chifukwa chake m'beseni la asidi wamadzi silikoni wambiri amatsalira m'madzimo.

Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden ndiye anaona zimenezi m'chaka cha 1771, pamene anatenthetsa mwala wa fluorspar pamodzi ndi sulphuric acid m'chotengera chagalasi, napeza galasilo litadyeka ndi zoyera zitayandama pa madzi olandirira nthunzi. Fluorine weniweni anadzampatula Henri Moissan wa ku France mu 1886. Amisiri akale ankasunga asidiyu m'mabotolo a mtovu. Ife timamsunga m'zigubu za pulasitiki.

Tsono ndinene ndi inu, ana anga, amene mukugula mafuta olembera pagalasi m'masitolo ndi kuwapaka ndi zala m'kachipinda kotseka mazenera. M'mapapo mwa munthu muli chinyezi, ndipo chimene mpweya uja umachita pamadzi umachitanso m'chifuwa. Asidi naye ngwachinyengo, pakuti wosungunula akagwera pakhungu sawawa nthawi yomweyo, koma amalowa mwakachetechete, nalanda kashiamu wa m'thupi, ululu n'kudzabwera patapita maola, mnofu utawonongeka kale. Safunsa anadya phula. Valani magolovesi ochindikala ndi zoteteza maso, gwirani ntchito pamalo popita mphepo, madzi ambiri otsukira akhale pafupi pamodzi ndi mankhwala opaka a calcium gluconate. Ndipo asidi akakudontherani, ngakhale simukumva kuwawa, tsukani msanga, pakani mankhwalawo, nimupite kuchipatala nthawi yomweyo.