Mpikisano Umene Udzatha mu 2035

Amene anayambitsa nkhaniyi ndine, conco zonse zikasokonekela mudziwa woimba mlandu. Tinali anthu 7 pa khonde la amalume ku Chipata, pa Ciwelu cina mu October, mphepo ikutentha monga yocokela pa mbaula. Tonse timasunga tumitengo twa m'mbale, tumene anzathu a ku Japan amatucha bonsai. Ambili a ife tinaphunzilila pa mavidiyo a pa foni. Amalume anayamba kale, atangopuma pa nchito ya uphunzitsi, ndipo kacele wawo ali ndi zaka 12 koma safika ngakhale pa bondo langa.

Ndinati, "Bwanji ticiteko mpikisano?" Onse anavomela mwamsanga. Mkangano unabuka pamene wina anafunsa kuti udzatenga nthawi yaitali bwanji.

Mnyamata wina wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu anati caka cimodzi n'cokwanila. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. Mtengo wa caka cimodzi ukali kamtengo cabe koonda ngati pensulo, ndipo palibe cimene woweluza angaonepo. Cimene cimapatsa bonsai ulemu ndi thunthu lonenepa, mizu yoyala pamwamba pa dothi, ndi nthambi zimene zadulidwa n'kuphukanso kambilimbili mpaka kukhala zing'onozing'ono. Zimenezi sizigulidwa ndi feteleza. Tinayamba pa zaka 3, tinakwela pa 5, ndipo dzuwa likulowa tinagwilizana zaka 10.

Za mtundu wa mtengo sitinalimbane kwambili. Cilala ca mu 2024 cinatiphunzitsa. Ine ndinataya tumitengo tuwili pamene mpopi unauma kwa masiku, cifukwa dothi la m'mbale yosaya limauma tsiku limodzi. Tinasankha mlambe. Umasunga madzi m'thunthu, umapilila kudulidwa, ndipo nthawi yozizila ukayoyola masamba sufuna madzi n'komwe. Ndipotu amene amaupha kawilikawili ndi munthu wacifundo amene amauthilila mu June, mizu n'kuwola. Komanso tonse timaudziwa mmene umaonekela ukakula, maka amene tinapitako ku cigwa ca Luangwa. Sitidzafunika kukopela mitengo ya paini ya m'zithunzi za ku Japan. Anzathu a ku South Africa anazindikila zimenezi kale, ndipo ali ndi kaumbidwe kawo kochedwa Pierneef, kotengela mitengo ya minga yoyala pamwamba ngati ambulela.

Vuto lalikulu linali la cinyengo, ngakhale kuti palibe anafuna kulichula poyela. Zaka 10 n'zambili. Mtengo wa munthu ukafa m'caka cacitatu, n'ciani cingamuletse kukakumba wina kuthengo n'kuuika m'mbale yomweyo? Tinagula cipatso cimodzi ca mlambe pa msika, n'kuciswa pamaso pa onse, aliyense n'kutenga njele zitatu. Caka ciliconse pa 24 October, tsiku limene palibe angaliiwale, aliyense azitumiza cithunzi pa gulu lathu la WhatsApp, mtengo uli pafupi ndi lula. Mtengo uli ndi zipsela zake monga munthu, ndipo pamene unadula caka catha pamaonekabe. Njele zonse zitatu zikafa, wacoka mu mpikisano, koma pa khonde uzibwelabe.

Lamulo limodzi ndimalikayikilabe. Tinalola kuti amene afuna abyale mtengo wake pansi kwa zaka zoyamba kuti thunthu linenepe msanga, malinga ngati zaka 3 zothela ukhale m'mbale. Zimenezi zikondela amene ali ndi malo. Mayi wina pa gulu lathu acita lendi, ndipo wasamuka kale kawili m'zaka 4. Iye mtengo wake udzakulila m'cigubu codula. Ndinaliona vutoli, koma ndinakhala cete cifukwa ine malo ndili nawo. Ndidzalibweletsanso pa msonkhano wotsatila.

Mphoto inatiseketsa. Wina anati tizisonkha ndalama caka ndi caka, koma tonse tidziwa mmene kwacha imacepela mphamvu. Wina anati mbuzi. Ndinakana kwamtuwagalu, cifukwa bonsai yanga yoyamba, mkuyu umene ndinausamalila zaka ziwili, inathela m'mimba mwa mbuzi ya aneba masana amodzi. Tinamaliza ndi mbale yadothi youmbidwa ndi manja, yolembedwa caka pansi pake.

Pamene ndinali kulemba maina m'kabuku, amalume anandigwila dzanja. "Mphwanga, ndili ndi zaka 74. Wawelengela?"

Ndinali n'tawelengela, inde, kungoyambila pamene tinachula zaka 10, koma ndinalibe mawu. Khonde lonse linati zii. Iwo ndiwo anatimasula, potisimbila za mtengo wa paini umene uli ku Washington, umene unayamba kusamalidwa mu 1625. Banja la Yamaki linausunga mibadwo yambili ku Hiroshima, unapulumuka bomba la mu 1945, ndipo mu 1976 unapelekedwa monga mphatso ku America. "Uganiza amene anaubyala anali kuyembekezela kudzauona ku America?" anatelo. "Lemba dzina langa, ndipo pansi pake ulembe la mdzukulu wanga."

Conco tinawonjezela lamulo limene sitinalikonzekele: aliyense achule womulowa m'malo. Ndinaona kuti ngakhale mnyamata wa mbande uja, wa zaka za m'ma 20, anaganiza nthawi yaitali asanachule mlongo wake.

Njele za mlambe n'zolimba khungu, ndiye tinazipala pang'ono ndi fayelo n'kuziviika m'madzi ofunda usiku wonse, kenako n'kuzibyala mu mcenga wa kumtsinje wosakaniza ndi zidutswa za njelwa ndi makala. Zanga ziwili zamela. Za amalume yamela imodzi cabe, ndipo mdzukulu uja, wa zaka 11, amaithilila m'mawa asanapite kusukulu ndiponso akabwelako. Dzulo ndinawapeza akukangana. Iye akuti mtengo uli ndi ludzu, amalume abisa kapu.