Ali ndi Tyson: mlandu wosowa woweruza

Pali milandu ina imene ngakhale mfumu yanzeru chotani singathe kuigamula. Umodzi mwa milanduyi ndi uwu: kodi Muhammad Ali ndi Mike Tyson akanakumana m'bwalo la nkhonya, aliyense magazi akadali kuwira, ndani akanagwetsa mnzake? Kwathu kuno ku Area 36 funso limeneli limamveka pa bawo, kometetsa tsitsi, pachiwaya kwa Kaphiri, ngakhalenso m'minibasi yopita m'tauni. Likangobuka tchipisi chimapserera, ndipo wometa amaimika makina m'mwamba, mutu wa munthu utametedwa mbali imodzi.

Anthu awiriwa sakanatha kukumana. Ali adabadwa mu 1942, Tyson mu 1966. Pamene Ali ankasambitsa chokweza Cleveland Williams ku Houston mu November 1966, nkhonya imene ambiri amati ndi pomwe adaonetsa luso lake lonse, Tyson n'kuti ali khanda losakwana miyezi isanu. Choncho mlanduwu ulibe mboni, ndipo n'chifukwa chake umakoma.

Ine ndidakulira m'khonde la malume anga, munthu wa Ali wotheratu. Kuno ku Malawi wailesi ya kanema idayamba mu 1999, kotero iwo Ali adamudziwa ndi makutu, komanso pa zithunzi za m'nyuzipepala zimene ankadula n'kumata kukhoma. Ife ana a m'ma 1990 tidamudziwa Tyson ndi maso, m'tinyumba ta vidiyo ta mdima, titakhala pa mabenchi, tepi yomweyomweyo ikubwerezedwa mpaka zithunzi kuchita mizeremizere. Tinkalipira pakhomo, ndipo usanakhazikike n'komwe, munthu wagona kale chagada.

Ife a Tyson tinali ndi mfundo zathu, ndipo sizinali zachibwana. Mu November 1986, ali ndi zaka 20 zokha, adagwetsa Trevor Berbick m'raundi yachiwiri n'kukhala wamng'ono koposa onse amene adatengapo lamba wa heavyweight. Berbick yemweyo ndi amene adagonjetsa Ali mu 1981. Larry Holmes, amene adamenya Ali momvetsa chisoni mu 1980, Tyson adamugoneka m'raundi yachinayi mu January 1988. Chaka chomwecho Michael Spinks, yemwe anali asanagonjepo, adatha m'masekondi 91. Mfundo yaikulu inali ya chibakera chakumanzere chokhota chija. Henry Cooper adagwetsa nacho Ali mu 1963, Joe Frazier nayenso mu 1971. Nanga Tyson, wamfupi ndi wojintcha ngati Frazier, koma waliwiro ndi wamphamvu m'manja onse awiri, akanalephera bwanji?

Malume ankamvetsera zonsezi akusenda mtedza, osadula mawu. Ndikamaliza ankapukusa mutu.

"Iwe mphwanga, mkango ukakalamba ngakhale agalu amaunyambita ndevu. Ali wa 1980 ndi nkhalamba ya zaka 38. Ndiuze za Ali wa 1964."

"Koma malume, inu simudamuone Tyson akumenya."

"Nanga iwe udamuona Liston?"

Pamenepo nkhani inkatembenuka. Sonny Liston anali Tyson wa masiku amenewo, munthu amene adagwetsa Floyd Patterson kawiri konse m'raundi yoyamba. Anthu ankati kamnyamata kolongolola ka zaka 22, kotchedwa Cassius Clay, kakafera m'bwalo. Koma mu February 1964 Liston ndi amene adakana kudzuka pampando itatha raundi yachisanu ndi chimodzi. Zaka khumi pambuyo pake, pa 30 October 1974, ku Kinshasa, Ali wa zaka 32 adakumana ndi George Foreman wa zaka 25, yemwe adapambana nkhonya zake zonse 40, ndipo 37 mwa izo mochita kugwetsa munthu. Ali adatsamira zingwe, nabisa nkhope, namusiya Foreman akupuntha mikono ndi nthiti mpaka mphamvu zidamuthera. M'raundi yachisanu ndi chitatu chimphona chija chidagwa. Malume akafika apa ankaimirira, mtedza n'kutayika, kuonetsa mmene Foreman adazungulira asanagwe, chinthu chimene iwo eni adangochimva pa wailesi m'bandakucha.

Lero nkhonya zonsezi zili pa YouTube, ndipo ndaziona mofatsa. Maganizo anga ndi awa. Maraundi anayi oyambirira akanakhala oopsa kwa Ali, chifukwa Tyson wa 1988 ankalowa mozyolika, mutu ukugwedera uku ndi uku monga adamuphunzitsira Cus D'Amato, ndipo kumupeza kunali kovuta. Koma Ali anali wamtali masentimita 191 pamene Tyson ndi 178, mikono yake inali yaitali kwambiri, ndipo miyendo yake mu 1966 inali ngati ya gwape. Akanamubaya ndi dzanja lamanzere ali patali, Tyson akayandikira n'kumukumbatira khosi, uku akumunong'oneza mawu opsetsa mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene chimandigamulira mlanduwu ndi zomwe aliyense adachita zinthu zitathina. Ali adagwetsedwa ndi Cooper, nadzuka, napambana m'raundi yotsatira. Ken Norton adamuthyola nsagwada mu 1973 koma adamaliza maraundi onse 12. Ku Manila mu 1975 adapirira maraundi 14 ndi Frazier m'chitungu chosaneneka. Tyson sadapambanepo nkhonya imene iye adagwetsedwamo. Buster Douglas, munthu wamtali amene sadamuope, adamumaliza m'raundi yakhumi ku Tokyo mu February 1990. Evander Holyfield adachita chimodzimodzi mu 1996, ndipo atabwerezana mu 1997 Tyson zitamukulira adaluma khutu. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Ine ndikuti nkhonyayo ikanadutsa raundi yachisanu ndi chimodzi, ikanakhala ya Ali.

Komabe ndikudziwa kuti mawu anga sangatseke pakamwa pa munthu aliyense kwa Phwetekere. Ngakhale makina adalephera. Mu 1969 anthu ena ku America adajambula Ali ndi Rocky Marciano akuyerekeza kumenyana, n'kuuza kompyuta kuti isankhe wopambana. Filimuyo itatuluka mu January 1970, a ku America adaona Marciano akupambana m'raundi ya 13, pamene ku Ulaya kudaonetsedwanso mathero ena, Ali ndiye akupambana. Aliyense adapatsidwa ndiwo imene amakonda.

Ndikaganiza bwino, malume ndi ine tinkakangana za zinthu zoposa zibakera. Iwo adakula m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu asanatchule dzina la Kamuzu ankayamba wayang'ana kumbuyo. M'masiku otero, kumva za munthu wakuda amene adataya dzina lake lakale nasankha lina, amene mu 1967 adakana kupita kunkhondo ya ku Vietnam nalola kulandidwa lamba ndi kukhala zaka zitatu ndi theka osamenya nkhonya, chinali chinthu chachikulu. Ali ankalankhula mokweza zimene iwo ankameza ndi malovu. Ife tidatsegula maso itadutsa referendamu ya 1993, pakamwa patamasuka koma m'matumba muli gwa. Tinkasirira mnyamata wa m'makwalala a Brooklyn amene ankamaliza ntchito m'mphindi ziwiri n'kunyamula mamiliyoni. Aliyense ankateteza ubwana wake.

Palinso china. Pa mwambo wathu mwana satsutsa malume ake. Za sukulu, za banja, za munda wakumudzi, ine yankho langa linali "chabwino malume". Koma pa nkhani ya Ali ndi Tyson ndinkaloledwa kukweza mawu, kuwadula pakamwa, ngakhale kuwaseka. M'khonde lija ndi mmene ndidaphunzirira kuti mfundo imafuna umboni, ndiponso kuti ungathe kutsutsana ndi munthu usiku wonse n'kudya naye nsima m'mbale imodzi.

Ali adamwalira mu June 2016, atavutika zaka zambiri ndi matenda a Parkinson's. Mwezi wotsatira Mmalawi mnzathu Isaac Chilemba adamenya maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia, nagonja pa mapointi mutu uli m'mwamba. Tyson adabwereranso m'bwalo mu November 2024 ali ndi zaka 58, nagonja kwa Jake Paul, ndipo ana anga ataona adandifunsa ngati ameneyu ndi yemwe ndimamutama uja. Iwo ngwazi yawo ndi Oleksandr Usyk, amene adagonjetsa Tyson Fury kawiri mu 2024. Amati Usyk akanawavinitsa onse awiri, Ali ndi Tyson yemwe. Ndimawalola kukweza mawu mpaka amalize, kenako ndimawafunsa ngati adamuonapo Spinks.