Za galimoto zokalamba: zimene ndikuona kuno ndi zimene tikutaya ku Mulanje

Abale anga a kwathu ku Mulanje, ambiri mwakhala mukufunsa kuti ntchito yanga kuno ku England ndi yotani kwenikweni, poti zithunzi zimene ndimatumiza zimangoonetsa tigalimoto takalekale, tatifupi, tokwera anthu awiri basi. Mlamu wanga wina mpaka anachita kundiseka kuti, "Alamu, ulendo wonsewo wa pandege n'kukagwira ziphapha?" Lero ndati ndiyankhe bwinobwino, chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso amakaniko athu a pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Nkando.

Ndili pa galaja ina yaing'ono m'chigawo cha Oxfordshire. Galimoto zatsopano sitigwira. Zathu ndi MG, Triumph, Austin-Healey, ndipo mwa apo ndi apo kumabwera Jaguar E-Type, ija inatuluka mu 1961 dziko lonse n'kuitembenukira. Imene imatidyetsa kwambiri ndi MGB. Inkapangidwa m'tauni ya Abingdon, kufupi ndi kuno, kuyambira 1962 mpaka fakitale itatsekedwa mu 1980, ndipo anapanga zoposa theka la miliyoni. Zambiri zikuyendabe. Eni ake ndi nkhalamba zopuma pantchito, zina zoti galimotoyo zinaigula zisanakwatire.

Mukatsegula boneti ya MGB, munthu amene anakulira pa galaja ya kwathu palibe chimene angadabwe nacho. Kompyuta mulibe. Muli injini ya masilinda anayi, disitibyuta ya mapointi, koyilo, ndi makabuleta awiri a SU oyang'ana mbali imodzi. Makabuleta amenewa ndiwo amaliza anthu. Iliyonse ili ndi kachivindikiro pamwamba pamene umathira kaoyilo pang'ono, ndipo ziwirizi ziyenera kukoka mpweya mofanana, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi: wina akafulumira, misi iwombana. Zida zoyezera zilipo, koma njira yakale ndi yotenga kapaipi ka labala, mbali ina kukhutu, inayo pakamwa pa kabuleta, n'kumvetsera kulira kwa mpweya, kenako n'kusamukira pa inzakeyo, uku ukupotokola sikuluwu pang'onopang'ono mpaka ziwirizo zizilira mawu amodzi. Abwana anga atandiona ndikuchita zimenezi anafunsa kuti ndinaphunzira sukulu iti. Sukulu yake inali pansi pa mtengo wa mango pa Chitakale, kwa mdala wina amene ankagunditsa sikuludiraiva yaitali pa injini, chigwiriro chake n'kuika kukhutu, n'kukuuza kuti chikugogoda ndi belingi iti injini asanaitsegule. Kuno luso limeneli likutha, ndipo anthu amalipira ndalama zambiri pa ola limodzi kuti apeze wolidziwa. Kwathu mdala ngati uja amamaliza ntchito n'kuuzidwa kuti, "Tionana kumapeto kwa mwezi."

Kusiyana kwakukulu kuli pa masipeya. Ku Witney, m'chigawo chomwechino, kuli kampani ya British Motor Heritage imene inasunga zikombole zenizeni za ku fakitale, ndipo mpaka lero imaumba thupi latsopano la MGB. Ndiye kuti galimoto ingadyeke chotani ndi dzimbiri, mwini wake akakhala ndi ndalama imaukanso. Gasiketi, bushi, bawuti ya saizi ya mainchesi, ndikaitanitsa masana mawa lake zafika. Kwathu bushi timasema kuchokera ku tayala lakutha, gasiketi timadula pa katoni pogogoda ndi kahamala m'mbali mwa chitsulo kuti mabowo atuluke okha. Zikakanika, munthu amakwera minibasi ya Midima kupita ku Limbe, kenako ku Ndirande, chitsulo chakufacho atakulunga m'jumbo kuti akafananize. Sindinena kuti njira yathuyi ndi yabwino nthawi zonse. Pa mabuleki ndi pa chiwongolero, kupeka kwapha anthu, ndipo pamenepo anzathu kuno sanyengerera: bawuti iliyonse ili ndi mlingo wake womangira wolembedwa m'buku, ndipo umamanga ndi sipanala yoyezera, osati kukoka ndi paipi mpaka imveke kuti "khwe". Komabe tengani makaniko wa kuno, mumuike pa msewu wa Muloza usiku, feni beluti itaduka, foni ilibe netiweki. Agona pompo.

Chachiwiri ndi mapepala. Galimoto ikabwera pa galaja imabwera ndi fayilo yonenepa: malisiti a matayala, a oyilo, makalata a eni ake akale, zithunzi. Ku Gaydon, kumene kuli British Motor Museum, anasunga mabuku a mafakitale, ndipo ukatumiza nambala ya chasisi amakupatsa satifiketi yonena tsiku limene galimotoyo inapangidwa, mtundu wa penti yake yoyamba ndi kumene inatumizidwa. Fayilo imeneyi imakweza mtengo wa galimoto kuposa penti yonyezimira. Boma nalo limathandiza: galimoto ikapitirira zaka 40, mwini wake akhoza kuilembetsa ngati yakale, msonkho wa pamsewu osalipira, ndipo sakakamizidwa kupita nayo ku MOT, imene ili ngati COF yathu ija. Kuno ukalamba wa galimoto ndi ulemu. Kwathu ndi mlandu, ndipo mbiri yake yonse imakhala m'mutu mwa dalaivala. Iye akatsikira kuli chete, yapita.

Mdani wathu ndi mmodzi, dzimbiri, koma amalowera makomo osiyana. Kuno nthawi yozizira amamwaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, ndipo mchere umenewo umadya galimoto kuyambira kunsi. N'chifukwa chake eni MG ambiri amazitsekera m'nyumba kuyambira chakumapeto kwa chaka mpaka dzuwa litabwerera. Ku Mulanje mchere kulibe, koma tili ndi mvula yosatha ija ndi chiperoni, kuphatikizapo dothi lofiira la m'misewu ya m'minda ya tiyi limene limamatirira m'makona a chasisi n'kusunga chinyezi chaka chonse. Land Rover imanamiza anthu pamenepa. Thupi lake ndi la aluminiyamu, limaoneka bwinobwino, pamene chasisi ya chitsulo pansipo yabooka kale.

Pali nkhani ina imene inandiseketsa. Mu September 2021 kuno anayamba kugulitsa petulo wa E10, wosakaniza ndi ethanol, ndipo eni galimoto zakale anadandaula ngati kwagwa maliro, ati adya mapaipi a labala ndi zamkati mwa kabuleta. Ndinawauza kuti ku Malawi takhala tikusakaniza ethanol mu petulo kuyambira 1982, wochokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa, ndipo galimoto zathu zakale zinamwa yemweyo zaka zonsezi. Sanakhulupirire. Koma nkhawa yawo ili ndi maziko. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo galimoto ikaima miyezi isanu petulo ali m'thanki, madzi amadikha pansi n'kuyamba kudya chitsulo. Ya kwathu siima. Petulo wa malita awiri wothira m'mawa, pofika madzulo wapsa.

Tsopano za mipikisano, poti kuno galimoto zimenezi sazisunga kuti azingozipukuta. Bwalo la Brooklands linatsegulidwa mu 1907, ndipo mbali ina ya khoma lake lopendekeka la konkire ilipobe, anthu amapita kukaikwera wapansi. Silverstone linali bwalo la ndege za nkhondo, ndipo mu 1950 ndi pamene panachitikira mpikisano woyamba wa akatswiri a dziko lonse wa Formula One. Koma chimene chinandigwira mtima ndi Goodwood Revival, imene imachitika mwezi wa September kuyambira 1998. Bwalo la Goodwood linkagwira ntchito kuyambira 1948 mpaka 1966, ndiye pa mwambowu anthu amavala zovala za zaka zimenezo, amakaniko atavala maovolosi oyera, ndipo galimoto zamtengo woti ungamangire sukulu zingapo amazithamangitsa zenizeni, kupikisana m'makona mpaka kukhulana. Fungo la oyilo wopsa ndi phokoso lake zimakulowa m'chifuwa. Agogo amagwira mdzukulu padzanja n'kumuuza kuti Jaguar yotereyi ndiyo inapambana ku Le Mans zaka zitatu zotsatizana, 1955 mpaka 1957, mwanayo n'kumagwedeza mutu ngati akumva za mfumu ya kwawo.

Ndisakunamizeni, awa ndi masewera a anthu opeza bwino, ndipo nkhope ngati yangayi m'khamu limenelo ndi zowerengeka. Komabe si zoona kuti kwathu kumwera kwa Africa kulibe mbiri yake pa zimenezi. John Love wa ku Bulawayo, mzinda umene agogo athu ambiri anakagwirako ntchito, anatsala pang'ono kupambana South African Grand Prix ya 1967 pa Kyalami ndi Cooper yakale. Anatsogola mpaka chakumapeto, kenako anapatuka kukathira mafuta, n'kumaliza wachiwiri. Safari Rally ya ku East Africa inayamba mu 1953, ndipo Satwant Singh wa ku Zambia anakhala katswiri wa Africa pa mipikisano ya m'misewu yafumbi kasanu n'katatu. Ndi angati mwa anyamata athu a kabaza, amene amathamanga pa Lifan ngati alibe kwawo, anamvapo mayina amenewa?

Kwathu mpikisano umene tili nawo ndi wa miyendo. Porters Race imanyamukira pa Likhubula, kukwera phiri, kudutsa pamwamba n'kutsikanso, mtunda woposa makilomita 20, ndipo akatswiri ake amaumaliza maola atatu asanakwane. Ndimaukonda chifukwa unayambira pa onyamula katundu, anthu amene kale m'nkhani za alendo okwera Sapitwa sankatchulidwa n'komwe. Maganizo omwewo ndi amene ndimafuna pa galimoto. Tiyi anayamba kudzalidwa ku Mulanje mu 1891 pamene Henry Brown anatsegula munda wa Thornwood, ndipo m'zaka zotsatira galimoto zimene zinkayenda m'minda imeneyo zinali za ku Britain: Land Rover za mamanijala, malole a Bedford onyamula masamba, mathirakitala a Ferguson a ku Coventry, ndiponso ka Morris ka dona kopitira ku kalabu. Wina anganene kuti zimenezo n'za atsamunda, agogo athu ankangoziona zikudutsa iwo ali chosavala nsapato, dengu kumsana. Sindikutsutsa. Koma ndani ankagona pansi pa Bedford kumasula giyabokosi? Ndani ankaitulutsa Land Rover m'matope a ku Ruo mvula ili pamsana? Anali abambo athu a Chilomwe ndi a Chimang'anja, amene anaphunzira injini ndi maso ndi makutu, buku la Chingerezi osaliwerenga. Ku Gaydon kuli dzina la amene anajambula galimotoyo. La amene anaiyendetsa zaka makumi atatu popanda sipeya yeniyeni silinalembedwe paliponse.

Ndipo zikutha msanga. Masiku ano kwathu msewu wadzaza Sienta ndi Probox zolowera ku Songwe, zimene zikadwala zimafuna kulumikiza kompyuta, moti mnyamata wophunzira umakaniko lero akhoza kumaliza osagwirapo kabuleta ya galimoto. Ogula zitsulo zakutha nawo akuzungulira m'midzi ndi sikelo, ndipo Land Rover ya Series imene kuno anthu angalimbirane, kwathu ikudulidwa ndi gasi n'kugulitsidwa pa kilo. Ku Museum ya pa Chichiri ku Blantyre kuli injini zakale za nthunzi zimene zinaimikidwa pabwalo, ndipo ndi bwino kuti zilipo, koma chitsulo chongoima n'chosiyana ndi cholira.

Ndiye pempho langa nali. Ngati kuseri kwa nyumba ya malume anu kuli Land Rover, Bedford, Morris kapena ka MG kamene nkhuku zikuikiramo mazira, musathamangire kwa a sikelo. Ikwezeni pa njerwa kuti ichoke padothi, ichotseni pansi pa mtengo, tsukani matope onse kunsi, ndipo ifoleleni ndi malata m'malo moikuta ndi pulasitiki, chifukwa pulasitiki imasunga thukuta. Masulani mapulagi, thirani kaoyilo m'silinda iliyonse, ndipo musayese kuiliza ndi petulo wakale amene ali m'thankimo. Jambulani kachitsulo kamene pali nambala ya chasisi munditumizire, ine ndifufuza kuno chaka chimene inapangidwa. Ndipo ngati amene ankaiyendetsa kapena kuikonza adakali moyo, khalani nawo pakhonde, tsegulani foni muwajambule mawu: inali ya ndani, anaigula bwanji, inkavuta chiyani, ankaikonza ndi chiyani. Ndikubwera mwezi wa July, nthawi ya Porters Race, ndipo masipanala anga a mainchesi ndibwera nawo.